Chiwaya mu Uvuni wa Malasha

Lero mafuta andipserera pamoto, ndipo fungo lake landibwezera kwathu ku Kanakantapa. Amai anali ndi chiwaya cholemera chokazingira vitumbuwa, chimene malemu amai awo anawasiyira. Mafuta akuda anaumirapo ngati khungwa, moti mpeni unkangoterereka. Tsiku lina atate anachikwirira mu uvuni wawo wa malasha, momwe ankawotcheramo mitengo kuti ikhale makala.

"Chikang'ambika, musabwele kunyumba," amai anawachenjeza.

Patapita masiku anayi tinachifukula chili chofundabe, chikununkha utsi. Atate anachigogoda ndi mpini, litsiro lonse n'kuyoyoka. Pachogwirira panaoneka timizere titatu tocheka ndi tupa. Amai anasisita timizereto ndi chala, osayang'ana munthu aliyense.

"Ni amama anacheka, kuti chisamasowe tikabweleketsa kumalilo," anatero motsitsa mawu. "Kansi timizele tikalipo."