Mafunso amene alamu anga anakana kuchipatala

Lachiwiri lapitali ndinaperekeza alamu anga, a Barnaba a ku Mbungo, kukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Namwino atawamasula lamba pamkono, anayamba kufunsa zina. Kodi anakumanapo ndi zoopsa zimene zimawabwererabe m'maloto? Amadzidzimuka ndi kaphokoso kakang'ono? Alipo malo amene amawapewa?

Ine ndinatchera khutu. Zikukhudzana bwanji ndi magazi? Nditafunsa, namwinoyo anati masiku ano akufunsa aliyense, poti ena amadwala maganizo chifukwa cha zoopsa zimene anadutsamo, koma amabwera akungodandaula mutu kapena kusowa tulo.

A Barnaba anakana zonse, mwaulemu, maso ali pakatani. Kuseri kwake kunali benchi, ndipo pabenchipo panakhala mayi wina wogulitsa usipa ku Chipyela, amene nkhani simugonera m'mimba.

Komatu ine ndikudziwa. Bwato lawo linagubuduzika akuchokera kutsidya la nyanja, ku Cobue, ndipo mnzawo amene ankapha naye nsomba sanapezeke. Chichitikireni zimenezo, alamu sanakwerenso bwato. Amalima chinangwa atafulatira nyanja. Mwera ukayamba kuwomba, mlongo wanga, yemwe ndi mkazi wawo, amati salankhula ndi munthu.

Sindikunena kuti mafunsowo ndi oipa. Koma pachilumba pano, mawu amene wanena kuchipatala amafika mpaka kumudzi wa Khuyu iwe ukadali m'njira. Wokufunsayo mumapemphera naye tchalitchi chimodzi. Ndi bambo uti angavomere kuti amaopa madzi, kuno kumene mwamuna amadziwika ndi nkhafi? Kuti mawa amve kumsika zoti wazungulira mutu?

Nanga akavomera, chotsatira n'chiyani? Alipo woti akhale naye pansi, chitseko chili chotseka, mlungu uno ndi wamawa? Kapena yankho lake lingophatikizidwa ndi a anthu ena n'kutumizidwa kumtunda? Palibe anatiuza. Inunso mukafunsidwa, funsani zimenezi.

Pobwerera, tili pachikweza, a Barnaba anaima ngati akupuma.

"Alamu, ndikanati eya, akanandipatsa mankhwala oti ndiiwale?"

Ndinawayankha kuti sindikudziwa, mwina akanangocheza nawo. Iwo anapitiriza, chipewa chili m'manja.

"Kucheza kokha ndingayese, pakakhala popanda katani. Koma oiwalitsa ayi. Akazi a malemu amandifunsabe mawu omaliza amene amuna awo ananena. Ndikaiwala ine, awauza ndani?"