Kanyali kachikasu ka injini

Ndinaganiza zopita ku Joni chaka chomwe fodya wathu anabwezedwa ku okushoni. Sindinatsanzike anthu ambiri. Bambo, omwe pa nthawiyo ankayenda kale ndi ndodo, anangoti akufuna adzakwere galimoto ya mwana wawo asanamwalire. Ndinavomera msanga ngati kuti andituma mchere pagolosale.

Ndinapeza ntchito ya m'gadeni ku Benoni ndi kachipinda kuseri kwa nyumba ina ku Primrose. Lamlungu linkanditalikira. Ndinalibe wocheza naye, moti nthawi zina ndinkachapa zovala zoyera kale. Ndikatumiza ndalama, mlongo wanga Esinati ankayankha ndi chithunzi cha bambo ali pampando atavala jekete, m'munsi mwake atalemba kuti tili bwino.

Patapita zaka ndinagula galimoto yakale ku Vosloorus. Sinachedwe kuonetsa khalidwe lake. Kanyali kachikasu ka injini kanayaka, galimoto n'kumangozima pamaloboti, matekisi akundiimbira hutala kumbuyo. Ndinapita nayo kwa a Tembo, makaniko a ku Chipata omwe ankakonzera pabwalo la nyumba yawo. Analumikiza kamakina kawo kunsi kwa chiwongolero, kanaonetsa khodi yoti sensa yowerenga kuzungulira kwa injini sikugwira. Anaika sensa yatsopano n'kufufuta khodiyo. Mlungu wotsatira kanyali kaja kanayakanso. Tinasinthanso sensa, zinali chimodzimodzi.

Galimoto yozima pamaloboti singadutse Tete. Ndipo masiku omwewo Esinati anayamba kufunsa kuti mubwera liti, funso lomwe sankafunsa kale.

Ulendo wachitatu a Tembo sanagwire sipanala. Anandifunsa kuti kanyaliko kamayaka tsiku lanji. Ndinati Lamlungu, apo ayi Lolemba. Anafunsa zomwe ndimachita Loweruka. Ndinawauza kuti ndimatsuka galimoto, boneti yomwe ndimatsegula, n'kupopera injini ndi paipi mpaka iwale, kenako ndimajambula kuti kumudzi aone. Anakwawira kunsi, n'kuzula pulagi ya waya wa sensa ija. Mkati munali madzi, timano take titachita ndere.

"Eish, achimwene, injini si kapinga," anatero. "Mara inu mukuithirira ngati maluwa a bwana wanu."

Anaiumitsa, n'kuipala, n'kuikulunga bwino. Masensa awiri aja analibe mlandu. Anandiletsa kuyandikiranso injini ndi paipi, ndipo ine wa m'gadeni zinandivuta kuposa kusiya fodya.

Ndinanyamuka. Kuchokera ku Primrose mpaka kwathu ku Dowa kanyali kaja sikanayake. Ndinafika galimoto ili mbuu ndi fumbi, ana akuithamangira, koma pakhonde panali mpando wa pachithunzi uja wopanda munthu.

Bambo ndinawapeza m'nyumba, pamphasa. Anali atasiya kalekale kudzuka okha, maso nawo atasiya kuona. Esinati anafotokoza mosabisa. Tsiku lojambula ankawasambitsa m'mawa, kuwaveka jekete, n'kuwanyamulira pampando. Akatero bambo ankagona masiku angapo thupi likuwawa, osafuna ndi phala lomwe. Zithunzi zanga za galimoto iye ankangowafotokozera pakamwa. Zinandiwawa, koma sindinapeze woti ndimukalipire. Iwo ankatumiza zowala, inenso ndinkatumiza zowala.

Madzulo ake ndinawanyamula. Anali opepuka kuposa thumba la feteleza. Ndinawakhazika kutsogolo m'galimoto n'kuwamanga lamba. Anayendetsa dzanja pachitseko, pampando, kenako padashibodi, n'kufikisa zala zawo.

"Esinati ankati imawala," anatero.

"Ndinasiya kuisambitsa, bambo. Madzi ankaidwalitsa."

Ndinaliza injini, iwo n'kumvetsera ikulira bwinobwino.

"Wachita bwino," anatero. "Uwauzenso awa ondisambitsawa."