Nyumba ya Malata Imene Sinkapuma

Bambo anga anakalambira pa esiteti ya fodya, akusonkha moto m'mabalani oumitsira fodyayo. Sukulu sanaponde, koma mpweya ankaudziwa ngati m'bale wawo. Akalowa m'balani ankangotukula dzanja n'kunena kuti, "Tsegulani kabowo kakumwamba, fodya akutuluka thukuta." Mabalani awo ankadya nkhuni zochepa kuposa a anzawo, ndipo akapitawo akafuna kuyala mapaipi atsopano ankayamba afunsa iwo. Ine zonsezi ndinkaziona ngati ntchito ya mwaye basi, yochititsa manyazi mtsikana wa sekondale.

Matipate atangoyamba ndinapeza ntchito pa boda, yolemba mapepala a mathiraki opita ku Chipata. Ndinalumbira kuti makolo anga sadzafera m'nyumba ya udzu. Bambo atapuma ntchito n'kubwerera kwathu kwa Zulu, ndinawamangira ya njerwa zootcha, ya malata, mawindo agalasi osatseguka kumaso, ngati ina imene ndinkaisirira pa Boma. Mmisiri atafunsa ngati asiye mpata pakati pa khoma ndi malata, ndinamulumphira. "Mpata wa chiyani? Mukufuna mileme ndi makoswe? Matani paliponse!" Bambo anali pomwepo, atakhala pa mulu wa mchenga. Anatsegula pakamwa n'kutsekanso, ndipo ine sindinawafunse kanthu.

Analowa m'nyumbamo mu Juni. Amayi anavina mpaka mpango unagwa, ine n'kumayenda mapewa m'mwamba. Ndinawapatsanso kalendala ya kuntchito kwathu. Ulendo wotsatira ndinaipeza itapachikidwa pamwamba penipeni, pafupi ndi malata, ndipo ndinawaseka Bambo kuti aziwerenga masiku atakwera pampando. Anangomwetulira.

Ndikamapita kumudzi ndinkatumiza uthenga kudzera kwa kondakitala wa minibasi, ndipo ndinkapeza nyumba yosesedwa, bedi loyalidwa bwino. Koma Loweruka lina mu Okutobala wa chaka chotsatira ndinangotulukira masana osauza munthu. Pachitseko panali loko. Makolo anga ndinawapeza m'kakhitchini ka udzu kuseri. Amayi anali atagona pa mphasa, miyendo yotupa, akutsokomola, ndipo zofunda zawo zonse zinali pa chingwe momwemo.

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. "Ndiye kuti ndinamangira ndani? Anthu aziti chiyani, kuti mwana wanu akukugonekani kukhitchini ngati nkhuku?"

"Timagonamo, mwana wanga," anatero Amayi motsitsa mawu. "Nthawi zina."

Ndinalanda kiyi n'kukatsegula. Kutentha kunandimenya kumaso ngati ndavundukula uvuni wa masikono. Kandulo wa pakabati anali atapindika n'kuwerama. Pansi ponse panali mtedza woyanika. Nyumba yanga yonyadira ija inali itasanduka choumitsira mtedza, ndipo kunena zoona ntchitoyo inkaigwira bwino.

Bambo anabwera n'kuima pakhomo. Ndi pamene anandiuza kuti mwezi wathawo Amayi anakomoka m'chipinda chogona, ndipo kuchipatala anati magazi awo akuthamanga kwambiri, asamakhale potentha. Kukhitchini nako utsi unkawatseka pachifuwa. M'nyumba moto, kukhitchini utsi: mayi anga analibe pogona, pamene mudzi wonse unkanditama kuti ndawamangira.

Mkwiyo wonse unatha. Ndinakhala pansi pakati pa mtedzawo, misozi ili mbwee. "Bwanji simunanene, Bambo?"

"Mphatso ya mwana siipezeredwa chifukwa," anayankha. "Unatuluka nayo thukuta nyumba ino. Ndikanati njotentha, ukanamva bwanji?"

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma ine phula langa ndinadyetsa amayi anga. Ndinapukuta m'maso, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wanga ndinafunsa munthu wa mwaye uja za ntchito yake. "Nanga tichite bwanji?"

Anakoka mpando, anakwerapo pang'onopang'ono n'kuchotsa kalendala ija. Pakhoma kuseri kwake panali chithunzi cha bowo la makona anayi, chojambulidwa ndi khala. Anatsika n'kukankha kabati. Kuseri kwakenso, chapansi, mbali imene kuli mthunzi wa mango, kunali china. M'chipinda chogona zinali ziwiri, zobisika ndi nsalu ya Amayi.

"Mpweya wozizira umalowa chokwawa, wotentha umatuluka chouluka," anatero. "Nyumba ndi balani n'chimodzimodzi, kungoti muno sitikufuna anthu apse. Tiikamo waya wa sefa, mileme yako isalowe. Kunsi kwa malata tiyala siling'i ya bango. Mu Juni tizitseka mabowowa ndi timatabwa, kutentha kuzikhala momwemuno."

"Munajambula liti zimenezi?"

"Sabata yomwe tinalowa."

Chaka ndi miyezi, munthu akudziwa mankhwala a nyumba, akuyang'ana mkazi wake akuvutika, koma osakhudza khoma poopa kuswa mtima wanga. Mpaka lero sindidziwa ngati ndiwathokoze kapena ndiwakalipire. Tsikulo ndinachita zonse ziwiri.

Ndinathamanga kukabwereka hamala ndi tchizulo kwa mmisiri uja, amene anandiyang'ana ndi diso loti, "Ndinanena ine." Nditabwerako ndinazipereka kwa Bambo ndi manja awiri. Anakana, manja atabisa kumbuyo.

"Bowo loyamba uboole ndiwe. Anthu angati nkhalamba yagumula nyumba ya mwana wake."

Ndinagwada m'chipinda chogona, nditamanga chitenje pamwamba pa siketi ya kuofesi, n'kuyamba kumenya pa mzere wa khala. Simenti inali yolimba, poti ndinali nditalamula ndekha kuti asaumire. Njerwa yoyamba itagwera kunja, kamphepo ka pansi pa mango kanandikhudza m'mikono. Bambo anamaliza mabowo enawo dzuwa lisanalowe, akuimba chamumtima.

Siling'i ya bango inatenga sabata ina, koma Amayi sanaidikire. Madzulo omwewo, kunja kukadali kowala, anatenga mphasa yawo kukhitchini, anaiyala pafupi ndi bowo langa lokhotakhota lija, ndipo tisanamalize kuwola mtedza anali atagona tulo.