Nsomba Zopanda Mtundu za mu Deka

Ndikukumbukira chaka chimene mayi anayamba kundituma kukagulitsa nsomba mu komponi ya Lwendulu, momwe munkakhala anthu ogwira ntchito pamgodi wa malasha. Ndinali mtsikana wa zaka khumi. Bambo anga, Mchewa wa ku Dedza, ankakumba malasha. Mayi anali Mnambya, mtundu wa eni dera la kumgodiko, ndipo nsombazo ankatenga kwa alongo awo amene ankawedza mumtsinje wa Deka.

Nthawi imeneyo nsomba za mu Deka zinali zitayamba kusintha. Mzungu wina anathira nsomba zachilendo m'damu lake, madzi osefukira n'kuzikokolera mumtsinje, n'kuyamba kuswana ndi zathu. Zobadwazo zinali za milomo yotambalala ndi zipsepse zofiirira, zosafanana ndi mbali iliyonse.

Tsiku lina pa beseni langa panaima a Jailosi, kapitawo wa pamgodi. Ankavala jekete ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, ndipo Achewa anzawo ankawalalatira m'Chilapalapa, chiyankhulo chimene azungu ankalamulira nacho antchito pamgodi, kuti amveke ngati bwana. Anatola nsomba imodzi kumchira n'kuinunkhiza.

"Iyi si chambo, si ya kunonso. Ilibe mtundu," anatero mokweza, akundiloza ndi chibwano. "Ngati wogulitsayu."

Azimayi ogula anaseka, ena n'kubweza nsomba m'beseni. Ndinathamangira kunyumba ndikulira, ntchentche zili pambuyo.

Mayi sanandipukute misozi. Anandisenzetsanso beseni n'kunditsogoza mpaka pakhomo pa a Jailosi, anthu akutitsatira.

"Bambo," anatero mayi m'Chichewa chawo chomveka Chinambya, "migolo ya nsomba zachilendozo ndani anasenzera mzungu uja tsiku la Sabata, mano ali panja? Si inu? Mtsinje munauwononga ndinu. Koma mwana wangayu sanachoke mumgolo. Atate ake anandilowola anthu akuona."

"Hamba!" anakuwa a Jailosi m'Chilapalapa potithamangitsa, koma mawu anatuluka opyapyala ngati a mwanapiye. Analowa m'nyumba n'kudzitsekera. Akazi awo anazembera kuseri, n'kudzagula kwa ife nsomba zandiwo madzulo amenewo.

Lero ndakalamba. Nsomba zenizeni za mu Deka zimasowa, ndipo zimenezo zimandipweteka, chifukwa alongo a mayi ankazidziwa ngati abale. Koma kuyambira tsiku lija, munthu akayamba kufunsa za magazi a anzake, ine ndimayamba ndafufuza zimene iyeyo anasenzera bwana. A Jailosi anamwalira kalekale. Ndayesetsa kuwamvera chisoni, zakanika.