Ndolo za Nagat

Nagat ndi mng'ono wake Ihsan anabooledwa makutu tsiku limodzi, nyengo yodula nzimbe. Makutu a Ihsan anapola bwino, koma a Nagat anamera zipsera zotupa ngati nyemba. Dokotala wa mumzinda wa Luxor anati khungu lake limaperewera timadzi touza chilonda kuti chapola, ndiye chipsera chimangokulirakulira.

Kuyambira pamenepo Nagat sankavula mpango, ngakhale m'nyumba m'chilimwe.

Mnyamata womutomera atabweretsa ndolo zagolide, Ihsan anaseka.

"Achemwali, muzikoleka pati? Ndibwerekeni, zingachite dzimbiri!"

"Golide sachita dzimbiri, iwe."

Nagat anayang'ana timakutu tosalala ta Ihsan, mtima ukumuwawa. Anasokerera ndolozo mkati mwa mpango wake, pomwe zimakhudza zipserazo akamayenda. Mpaka lero Ihsan sanazivalepo.