Ndege yameza chitenje changa

Ndalota ine, ndalota mayo! Ndili pa waya wa bwalo la ndege, pamene akamwini anga a Mbewe amaima ndi kamera yaitali ngati musi, kujambula ndege. M'ndege ikubwerayo muli mwana wanga Esinati, mkazi wawo.

Mlendo wolemekezeka timamuyalira chitenje. Ndiye ndakwawa kunsi kwa waya, ndayala changa chachikasu pomwe ndege imaponda, nthungululu lililili!

Ndege yatera, yameza chitenje, yatsamwa. Phiko thyo! Moto lawilawi, zitsulo zikuuluka, china chandidula khutu, khutulo likudumpha paphula ngati chule. Esinati akumenya zenera ndi mutu.

"Akamwini, thamangani, mkazi wanu akupsa!"

"Amayi, tasunthani pang'ono, mukutchinga nambala ya kumchira."

Ine amene sindinawagwirepo ngakhale chala akamwini, ndawalanda kamera, pakamwa pho! Mano mbwee ngati chimanga. Ndi kamera yomweyo ndaswa zenera, ndamukoka tsitsi Esinati, ndamubereka kumbuyo, chimayi cha ana anayi, tikuthawa utsi, tikuthawa.

Ndadzuka msana ukuwawa, koma ndikuimba ine, mpaka nkhuku kudabwa.