Bodza Limene Ndinanena Kuti Mwana Wanga Ayende

Mwana wanga woyamba anakwanitsa zaka ziwiri akukhwekhwerezabe matako pansi. Anzake obadwa nawo mvula imodzi anali atayamba kale kuthamangitsa nkhuku, ena ndi kutukwana komwe, koma wangayo ukamuimika miyendo inkangopindika ngati luzi lonyowa. Mimba inali yaikulu, tsitsi lofiira, mapazi otupa. Ndikamubereka sindinkamva kulemera. Ndinkachita kupapasa kumbuyo kuti ndidziwe ngati alipo.

Bambo ake anapita ku Halale kukagwira ntchito m'minda ya fodya mwanayo ali ndi miyezi isanu. Ine ndinatsala kwathu, kufupi ndi Nsaru, ndi amayi anga.

Palibe chimene sitinayese. Tinakumba dzenje pabwalo n'kumuimika m'menemo, dothi kulekeza m'chiuno, kuti miyendo ilimbe. Ankalira mpaka mawu kutha. Tinamumanga mkuzi wamankhwala, koma unkangovuka chifukwa panalibe chiuno choti uugwire. Ndinayenda naye wapansi mpaka kuchipatala cha mishoni ku Namitete, komwe anandipatsa mafuta onunkha nsomba m'kabotolo n'kundiuza kuti ndizimudyetsa mazira. Amayi atamva za mazirazo anagwira pakamwa. "Iwe, ufuna adwalenso khunyu?"

Kenako kunabwera apongozi anga, amayi a mwamuna wanga, kuchokera ku Kabudula. Anamuika mwana pamiyendo, anadina phazi lake ndi chala, ndipo pamene anadinapo panatsala kadzenje.

"Ili ndi tsempho," anatero akundiyang'ana. "Mwana wanga ali kutali. Nanga inu apongozi, munalowetsa yani m'nyumba?"

Kwathu tinkakhulupirira kuti kholo likachita chigololo mwana akadali wamng'ono, mwanayo amatupa n'kufota, ndipo mankhwala ake saperekedwa mpaka wolakwayo ataulula.

Ndinapsa mtima kwambiri. Nthawi yonseyo mwamuna amene ndinkamudziwa ine anali khasu! Ndinaiwala ulemu. "Bwanji osalembera kalata mwana wanuyo, mumufunse iyeyo kodi?"

"Mchere m'ndiwo za mwanayu amathira ndinu," anandiyankha mosakweza mawu. "Sathira wa ku Halale."

Mayi wodziwa mankhwala a tsempho m'mudzi mwathu anakana kukumba mizu. Anati mankhwala opanda kuulula amapha mwana. Ndinamugwadira, ndinalumbira pali manda a bambo anga, koma ayi ndithu. Panapita masabata atatu. Mwana anasiya ndi kulira komwe, ankangondiyang'ana ntchentche zikumuyenda pamilomo. Amayi anga enieni ananditengera kuseri kwa nkhokwe.

"Mwana wanga, ngati chilipo nena. Manyazi sanaphepo munthu."

Apo ndinadziwa kuti ndatsala ndekha. Ndinkaopa kwambiri. M'maso mwanga ndinkangoona kamtembo kokulungidwa m'mphasa.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. M'mawa mwake ndinakhala pansi pamaso pa amayi atatuwo n'kuulula tchimo limene sindinachite. Ndinati anali wogulitsa usipa wa panjinga, ndipo dzina sindinamufunse. Munthu ameneyo kunalibe. Ndinamuumba ndekha, mpaka ndinamupatsa chipewa chong'ambika kuti andikhulupirire. Apongozi anaomba m'manja. "Si izi!" Amayi anangowerama. Tsiku lomwelo mizu inakumbidwa, ndipo mwana anamwa mankhwala m'phala. Sabata isanathe kalata ya apongozi inali panjira ya ku Halale.

Inali nyengo yokumba mtedza. Ndinayamba kuthira nsinjiro zambiri m'phala lake, ndipo pakuti mbiri yanga inali itaipa kale, ndinasiya kuopa anthu. Ndinkaba mazira a nkhuku ya amayi n'kumuphikira mobisa kumunda. Kaya inali mizu, kaya mazira, kaya mtedza, ine sindidziwa mpaka lero. Kutupa kunayamba kuphwa.

Tsiku lina m'chilimwe ndikupeta mphale, mwana anagwira mtondo n'kuimirira. Anausiya. Anaponda kamodzi, kawiri, katatu, akudzandira ngati woledzera, mpaka anadzagwera pamiyendo panga. Amayi a m'mudzi anathamanga akuimba nthungululu.

"Mwaona, eti? Akanapanda kuulula tikanaika maliro!"

Ndinamukumbatira ndikulira. Ndinali wokondwa kuposa tsiku lina lililonse la moyo wanga, komanso ndinadziwa kuti palibe adzandikhulupirirenso. Paliponse pamene mwanayo ankaponda, anthu ankaona umboni wakuti ndine wachigololo.

Mwamuna wanga sanabwerenso. Anatumiza bulangete la mwana ndi mawu akuti ukwati watha. Amayi anamwalira akukhulupirira kuti wa usipa uja analipodi.

Mwanayo atakula anandifunsapo kamodzi chifukwa chimene bambo ake sanabwererenso. Anali atangofika kumene wapansi kuchokera ku Mpingu, fumbi lili mbuu m'miyendo. Ndinayang'ana miyendoyo, ndipo ndinamuuza kuti bambo ake anangokhala mtchona ngati ena onse.